Ku Kasungu Nazale Ndiyo Imayamba Kumwa

Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Kasungu ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 130, ndipo mwezi wa Okutobala mtunda wonsewo umakhala wotuwa. Pa Kanengo pamanunkhira fodya wa m'mafakitale, pa Lumbadzi ndi pa Mponela pamakhala phokoso la ogulitsa malonda, koma ukangodutsa pa Madisi dziko limatambasuka, mapiri n'kuthawira kutali. Zimene zimatsala m'maso ndi mizere yakale, mapesi, zitsa za fodya ndi zigafa zopanda kanthu. Minibasi yathu inali yodzaza monga mwa masiku onse, ndipo mkangano unali wa mawindo: akutsogolo amafuna mphepo, akumbuyo amati fumbi lonse likuthera pa iwo. Pa mlatho wa Bua tonse tinasuzumira pansi. Mtsinje umene m'dzinja umasefukira mpaka m'madambo unali utabwerera pakati, ukuyenda mwaulesi pa mchenga, ndipo m'mbali mwake munali madimba ndi anthu onyamula makheni.

Kasungu si chipululu, ndipo munthu wakumeneko mukamuuza choncho adzakusekani, n'kukulozerani nkhokwe. Mvula imagwa, mamilimita ngati 800 pachaka, yoposa imene mzinda wa London umalandira. Nkhani ndi yakuti yonseyo imagwa m'miyezi inayi kapena isanu, kenako kumwamba kumatseka. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala thupi la munthu limakhala m'dziko louma, ndipo kuumako kumabwera kawiri. Koyamba kumabwera ndi chisanu cha Juni ndi Julayi, pamene mwera umaomba usiku wonse pa chigwa chokwera mamita oposa 1,000, ana n'kumadzuka atatuwa mbuu, milomo itang'ambika. Kachiwiri ndi chilimwe chenicheni, Seputembala ndi Okutobala, pamene masana kutentha kumapitirira madigiri 30, tchire likupsa, akamvuluvulu akunyamula mapepala ndi madenga a zimbudzi. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumatentha koposa apa, inde, koma kuno chimene chimakudya mwakachetechete ndi mpweya wouma. Thukuta limauma lisanatsike pamphumi, choncho sudziwa kuti madzi akutha m'thupi.

Titayandikira pa Chinkhoma, pamene pali msika wa fodya umene m'miyezi ya okushoni umadzaza ndi malole, kamnyamata kena kamene kanakhala pamiyendo pa mayi ake kanayamba kamfuno. Magazi anadontha pa malaya a sukulu. Mayi ake anachita zimene tonse tinachitidwa tili ana: anakagadamitsa mutu, n'kuyamba kufunafuna kansanza kotsekera mphuno. Mayi wina wachikulire amene anakhala kumbuyo kwawo anawagwira paphewa. "Amayi, musamugadamitse mwanayo, magaziwo amameza, mwina asanza. Muweramitseni pang'ono. Finyani apa pofewapa, azipumira kukamwa. Musamataye kuti muone ngati asiya, ingogwirani." Mayiyo anagwira mphuno ya mwana wake mpaka tinadutsa maesiteti angapo, mphindi khumi kapena kuposerapo, ndipo atasiya magazi anali ataleka. Wachikulire uja anawonjezera kuti madzulo am'pake kavaselini pang'ono m'kati mwa mphuno ndipo amuletse kutokosa. Sanatchule ntchito yake, koma kayankhulidwe kake kanali ka munthu wozolowera kulangiza odwala. Zimene ananena ndi zolondola: m'kati mwa mphuno, chakutsogolo, muli timitsempha tating'ono pansi pa khungu lopyapyala kwambiri, ndipo mpweya wouma umaumitsa khungulo mpaka kung'aluka. Kamfuno wa chilimwe kawirikawiri samabwera chifukwa chakuti magazi achuluka, monga ena amanenera. Koma akakana kuleka, kapena akamabwerabwera kwa munthu wamkulu, ndi wofunika kuchipatala, chifukwa mwina pali vuto la kuthamanga kwa magazi.

Paboma, pansi pa phiri la Kasungu, mankhwala oyamba a chilimwe amagulitsidwa pa benchi, osati kuchipatala. Mumsika muli mabotolo a vaselini aakulu ndi aang'ono, gilisalini, ndi mafuta odzola a mayina osiyanasiyana, ena ochokera ku Zambia ndi ku Tanzania. Anyamata a kabaza ena amavalabe masiki a nsalu amene anatsala nthawi ya Covid, ndipo ndinaona kuti masikiwo apeza ntchito yokhalitsa. Makolo athu ankadzola mafuta a nsatsi, amene amayi ankakazinga, kusinja ndi kuwiritsa mpaka mafuta atayandama, ndipo nzeru yake sinasinthe: mafuta sathira madzi pakhungu, amangotseka kuti madzi amene alipo asathawe. N'chifukwa chake kudzola kumathandiza ukangotuluka m'bafa thupi lisanaumiretu, osati masana utatuwa kale. Sopo wa mtanda wochapira zovala, amene m'makomo ambiri ndi yemweyonso wosambira, amachotsa mafuta achibadwa a pakhungu, ndipo mwana wosambitsidwa naye kawiri patsiku m'chisanu amadzikanda usiku wonse. Kunyambita milomo youma nako kumangowonjezera, pakuti malovu akauma amapita ndi chinyezi chomwe chinalipo.

Za zikang'a anthu amaziseka, koma wozidwala saseka. Mayi wina wogulitsa tomato anandionetsa chidendene chake, mng'alu wake wozama moti fumbi linali litakhazikikamo, m'mbali muli magazi ouma. Anati madzulo amaviika mapazi m'madzi ofunda, kukwecha pamwala, kupaka vaselini, n'kuvala masokosi a mwana wake pogona. "Koma achimwene, kukacha ndi patapata yemweyu, ndiye zibwerera," anatero akuseka. Nsapato yotseka chidendene ikanathandiza kuposa mafuta, koma nsapato ndi ndalama. Kwa munthu wa matenda a shuga mng'alu woterewu si nthabwala, chifukwa bala la kuphazi limachedwa kupola ndipo limatha kudula mwendo.

Kuchoka paboma ndinalowera kum'mawa, msewu wopita ku Nkhotakota, cha ku Mtunthama. Kuno ndi kwawo kwa Kamuzu Banda, ndipo sukulu ya Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa mu 1981, ili komweko ndi kapinga wake ndi dziwe lake, chinthu chodabwitsa maso ukachokera m'fumbi. Koma chimene nthawi ya Kamuzu inasiya chachikulu m'dera lino ndi fodya. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti anafalikira, a kampani ya Press, a nduna ndi akuluakulu ena, komanso alimi amene ankaphunzitsidwa ndi bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, ndipo pafupifupi khomo lililonse linamanga chigafa. Fodya wa fuluu amafuna moto wa nkhuni usana ndi usiku kwa sabata yathunthu pa balani imodzi. Wa bale safuna moto, koma amafuna mitengo ya chigafa ndi udzu, ndipo chiswe sichilola mitengoyo kukhalitsa. Zaka makumi asanu za ntchito imeneyi zinavula chigwachi. Mitengo yotsala ndi ya mango, ya bulugamu, ndi yakumanda, kumene nkhwangwa imaopa. Pamene palibe mtengo mphepo siyima, ndipo dothi la m'munda wopanda chophimba limauluka n'kulowa m'mphuno, m'maso ndi m'mphika.

Mphepo yomweyi ndi imene William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe, anaikola ndi makina ake opangidwa ndi zidutswa za njinga, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2002. Dziko lonse likudziwa za magetsi ake, koma chimene banja lake linkasowa kwambiri, ndipo anadzachipeza pambuyo pake, chinali madzi othirira m'chilimwe.

Ndinagona m'mudzi wina wa m'dera lomwelo, ndipo m'bandakucha ndinatsatira mwininyumba kudambo. Okutobala ndi mwezi wa nazale. Njere ya fodya ndi yaing'ono kwambiri, imafesedwa pamwamba pa bedi n'kuphimbidwa ndi udzu, ndipo bedilo siliyenera kuuma ngakhale tsiku limodzi mpaka mbande zitakula. Choncho m'mwezi wouma kuposa yonse, pamene zitsime zikuphwa, mlimi amathirira m'mawa ndi madzulo. Mdala mwininyumba uja anali atakumba chitsime pakati pa dambo, chakuya kupitirira msinkhu wake, ndipo ankatsika ndi makheni awiri, kukwera, kuthira, kubwerera. Mwana wake wamwamuna ankachita chimodzimodzi pa bedi lina. Dzuwa litakwera, malaya a onse awiri anali ndi mizere yoyera ya mchere kumsana. Panalibe botolo kapena chigubu cha madzi akumwa paliponse. Nditafunsa, mdalayo anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Alendo athu, mbande ikagona ndi ludzu, chaka chonse chapita. Ine ndikamwa kunyumba." Madzi a m'chitsimemo sakanamwa, anali amatope, ndipo ng'ombe zimamwa pomwepo.

Mdala yemweyu, pocheza madzulo, anandifotokozera za chinyezi cha fodya mwaukatswiri umene sindinaumvepo kwina. Fodya wouma m'chigafa sagwidwa masana, amafumbutuka. Amamutsitsa usiku kapena m'mawa kwambiri, mame atamufewetsa. Tsamba amalifinya m'dzanja: likathetheka ndiye kuti lauma kwambiri, likakana kutambasuka ndiye kuti lanyowa ndipo likaola m'belo, likabwerera bwinobwino ndiye kuti lafika podinda pa jeke. Amadziwa zonsezi ndi zala zokha. Thupi la munthu nalo lili ngati tsamba limeneli, lili ndi malire a kuuma amene silingapitirire, koma mwini wake sanaphunzitsidwe kuliyesa ngati mmene anaphunzirira kuyesa fodya. Alangizi a kampani ya fodya amabwera kudzaona nazale, amabwera kudzaona chigafa. Za mkodzo wa mlimi palibe amene amafunsa.

Chikhalirecho mkodzo ndiwo muyeso wosavuta. Ukakhala woyera kapena wachikasu pang'ono, madzi alimo m'thupi. Ukada n'kumatuluka pang'ono, thupi layamba kuumira madzi, ndipo impso zikugwira ntchito movutika. Munthu wogwira ntchito yolemetsa padzuwa amatha kutaya lita yathunthu ya thukuta pa ola limodzi. Zotsatira zake ndi mutu, kufooka, chizungulire, kukokana kwa minofu usiku, kudzimbidwa. Kwathu kuno zonsezi zili ndi dzina limodzi, malungo, ndipo munthu amathamangira kugolosale kukagula mapiritsi. Malungo alipodi ngakhale m'chilimwe, makamaka kufupi ndi madambo, choncho wotentha thupi ayezetse magazi. Koma ambiri amayezedwa n'kupezeka alibe, n'kubwerera kunyumba akudandaula kuti adokotala sanawapatse mankhwala enieni, chonsecho chimene chimafunika ndi madzi ndi mthunzi. Choopsa kwambiri ndi chizolowezi chomwa mapiritsi opha ululu monga ibuprofen kapena diclofenac tsiku ndi tsiku thupi lili louma, chifukwa zimenezi zimapweteka impso. Ku Nicaragua ndi ku El Salvador, anthu odula nzimbe padzuwa akhala akufa ndi matenda a impso ali achinyamata, opanda shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo njira imene yathandiza m'minda ina kumeneko ndi yosavuta kuitchula: madzi pafupi, kupuma pafupipafupi, ndi mthunzi.

Pali malire ena amene aliyense ayenera kuwadziwa. Munthu akagwa m'munda, thupi lili moto, akuyankhula zosamveka kapena osazindikira anzake, musataye nthawi ndi kufunsa amene wamulodza. Mugonekeni pamthunzi, mumuvule zovala zolemera, mumuthire madzi thupi lonse uku mukumukupiza, ndipo muthamange naye kuchipatala. Ngati sakutha kumeza musamukakamize kumwa.

Sikuti anthu akuno alibe nzeru zawo. Ali nazo, ndipo zina ndi zabwino kuposa zogula. Khasu limagwiridwa kusanache, ndipo dzuwa likafika paliwombo anthu amakhala ali pansi pa mango, akusenda mtedza kapena kungogona pamphasa. Mlendo wa m'tauni amati ndi ulesi; ndi thanzi. Thobwa, amene mkazi wa mdala uja anatipatsa titabwera kudambo, amabweza madzi ndi mphamvu nthawi imodzi, ndipo amaposa zakumwa za m'mabotolo zodzaza shuga. Mtsuko wadothi umene unali pakona ya nyumba unali ndi madzi ozizira ngakhale masana, chifukwa dothi limatulutsa timadzi kunja, timadzito tikamauma timachotsa kutentha, ndipo mpweya ukauma kwambiri ndi pamene mtsuko umazizira kwambiri. N'zachisoni kuti makomo ambiri asiya mitsuko n'kutengera zidebe za pulasitiki, zimene masana zimasunga madzi ofunda osakoma kukhosi, mwana n'kumwa pang'ono chabe. Chimene chimawononga nzeru zonsezi ndi kachasu. Ndalama za fodya zikamatha, mabotolo a m'bala amasanduka kachasu wa kuseri kwa nyumba, ndipo mowa umatulutsa madzi m'thupi m'malo mowabweza. Mwamuna wogwira ntchito m'mawa, n'kukhala pa kachasu masana onse osadya, m'mwezi uno akudzikumbira yekha dzenje.

Ntchito yaikulu ya chilimwe ili pamjigo, ndipo ndi ya amayi. Ndowa zimayamba kufola tambala woyamba asanalire. Mjigo wa m'mudzimo unkatulutsa madzi, koma mwa apo ndi apo: kupopa kwakanthawi, kudikira kuti abwerere, kupopanso. Akatswiri amati munthu mmodzi amafunika malita osachepera 20 patsiku kuti amwe, aphike ndi kudzisamalira, ndiko kuti ndowa imodzi yaikulu pa munthu. Banja la anthu asanu ndi mmodzi lingafunike maulendo asanu ndi limodzi, ndipo palibe mayi amene angakwanitse zimenezo mzere uli wotero. Ndiye madzi amagawidwa, ndipo kagawidwe kake ndinakaona ndi maso: oyamba ndi a nsima ndi ndiwo, kenako akumwa, kenako osamba abambo, kenako mbale. Nkhope za ana zimabwera kumapeto, ngati atsala.

Apa ndi pamene chilimwe chimafika m'maso. Matenda a trachoma amakonda malo ouma, afumbi, osowa madzi. Amafala kudzera m'manthongo ndi mamina a ana, pa zala, pa chitenje chimodzi chopukutira ana onse, ndi ntchentche zotera kumaso. Mwana akadwala mobwerezabwereza, m'kati mwa chikope mumachita zipsera, ndipo atakula chikope chimapindikira m'kati, nsidze n'kumakanda diso mpaka kuchita khungu. Agogo ambiri aakazi ankayenda ndi kachitsulo kozulira nsidze zoterezi. Kasungu anali mmodzi mwa maboma amene matendawa anali ochuluka, ndipo midzi yathunthu inalandira mankhwala a azithromycin, a zikope zopindika n'kuchitidwa opaleshoni. Mu Seputembala 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Malawi wathana ndi trachoma ngati vuto la dziko, woyamba kum'mwera kwa Africa kuno. Ndi chinthu chonyadira, ndipo sitinachinyadire mokwanira. Koma mankhwala anachita mbali yawo n'kupita. Chotsala chimene chingaletse matendawa kubwerera ndi kapu imodzi ya madzi pankhope ya mwana m'mawa uliwonse, ndipo kapu imeneyo imachokera pamzere uja wa ndowa.

Palinso maso ofiira a fumbi ndi utsi, oyabwa, amene ana ena amawatikita mpaka oyera ake kusanduka ofiirira. Kutsuka ndi madzi oyera ndi kuika kansalu konyowa kozizira kumathandiza. Zimene zimawononga ndi zodonthezera za m'mudzi: madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, ngakhale mkodzo. Diso limene likanachira lokha limatha kuwonongekeratu ndi chithandizo chotere.

Chifuwa chili ndi nyengo yake. Kuyambira Epulo, pamene fodya akusankhidwa ndi kumangidwa, banja lonse limakhala m'fumbi la masamba ouma, ndipo m'makomo ena mabelo amagona m'chipinda chimodzi ndi ana poopa akuba. Fodya akapita kumsika, utsi wa tchire umalowa m'malo: anyamata osaka mbewa, ososa m'minda otentha mapesi, owotcha njerwa. Madzulo a Okutobala dzuwa limalowa lofiira chifukwa cha utsi umenewu. Odwala mphumu amauona mwezi uno kutalika. Amayi ochenjera amawaza madzi pabwalo asanasese, ngakhale otsukira mbale, ndipo zimasintha kwambiri. Vuto ndi lakuti chifuwa chilichonse chimatchedwa cha fumbi, mpaka cha TB chimabisala momwemo. Chifuwa chopitirira masabata awiri, makamaka ngati munthu akuwonda ndi kutuluka thukuta usiku, ndi chokayezetsa makhololo, ndipo kuyezako ndi kwaulere m'zipatala za boma. Fodya amadwalitsanso m'dzinja, mwa njira ina: tsamba lonyowa limalowetsa chikonga pakhungu la wothyola, n'kumuchititsa nseru ndi chizungulire. Lipoti la bungwe la Plan la mu 2009, limene linamva kwa ana ogwira ntchito m'minda ya ku Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba, linati pa tsiku lachinyezi khungu la mwana lingamwe chikonga chofanana ndi ndudu 50. Choncho chaka cha mlimi wa fodya chilibe mwezi wopumira: kukanyowa poizoni amalowera pakhungu, kukauma amalowera m'mphuno.

Achinyamata ena akuno akudziwa tsopano chipululu chenicheni. Mu Novembala 2023 gulu loyamba la Amalawi oposa 200 linanyamuka kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, dziko limene gawo loposa theka ndi chipululu cha Negev, ndipo ena akhala akupita ku Oman, ku Kuwait ndi ku Dubai. M'mayiko ena a kumeneko dzuwa lili m'malamulo a ntchito. Ku Qatar, kuyambira 2021, ntchito yapanja ndi yoletsedwa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3:30 masana, kuchokera pa 1 Juni kufika pa 15 Seputembala. Ku United Arab Emirates kuli lamulo lofanana nalo la kupuma masana. Malamulowa amaphwanyidwa, ndipo antchito obwera amafabe ndi kutentha, koma alipo, ndipo wowaphwanya angathe kulipitsidwa. Kwathu mlimi wa pamunda wake amadzipatsa yekha nthawi yopuma, koma waganyu wolipidwa pa mizere imene walima, kapena wantchito wa paesiteti, sangathe. Akapuma ndiye kuti wadula malipiro ake. Anthu a m'zipululu amatiposanso pa kavalidwe. Atuareg a ku Sahara amaphimba thupi lonse ndi nsalu zotakasuka, pakamwa ndi pamphuno pomwe. Ife kukatentha timavula malaya, dzuwa n'kumawotcha msana mwachindunji. Amayi athu ndi duku ndi chitenje ali pafupi ndi nzeru imeneyi kuposa amuna awo.

Ndisanabwerere ndinapita kumadzulo, ku nkhalango ya Kasungu National Park, imene imakafika kumalire ndi Zambia ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 2,300. Mpaka pachipata ndi minda ndi fumbi lomwe lija. Ukangolowa, mitengo ya miombo imakuphimba, ndipo chodabwitsa n'chakuti m'mwezi wouma chonchi ndi pamene imaphuka masamba atsopano, ofiira ndi ofiirira, mvula isanagwe n'dontho lomwe, pokoka madzi ndi mizu yake yakuya. Dzuwa ndi lomwelo, koma mphepo imafika itasefedwa, ndipo mphuno imamva kusiyana. Umu ndi mmene chigwa chonsechi chinalili agogo athu ali ana. Komabe tisanamizane kuti kale kunali paradaiso. M'nkhalango muno muli kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera, imene imakopeka ndi nsalu zakuda ndi zobiriwira ngati thambo, choncho mlendo asamale chovala. Mulinso njovu. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera kuno, ndipo njovu yaikulu imamwa malita oposa 100 patsiku. Pa damu la Lifupa madzi alipo, mvuu zili phee, koma njovu sizikhala pamalo amodzi, ndipo midzi ya m'malire, mbali ya Malawi ndi ya Zambia, yataya mbewu ngakhalenso anthu. M'chilimwe dimba lobiriwira limaoneka patali, kwa munthu ndi kwa nyama.

Pobwerera, pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu, kumadzulo kunachita mdima ndipo kunagwa kamvula ka mphindi zochepa, chizimalupsa. Ana anatuluka kukavina, fungo la dothi linadzaza paliponse, ogulitsa makala anathamangira mapepala ophimbira. Pakhonde la golosale pamene tinabisala panali mlangizi wa zaumoyo, wa yunifolomu yake ndi njinga, atanyamula chigubu cha kolorini. Wina anamuseka kuti mvula yabwera, zifuwa zithe tsopano, apume. Iye anapukusa mutu. "Walira mvula walira matope, achimwene. Zonse zimene zauma kutchireku miyezi yonseyi, za anthu ndi za ziweto, mvula yoyamba imazikokolera m'zitsime. Mwezi wamawa ndi wa kutsekula m'mimba." Anakumbutsa za kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, kenako anatembenukira kwa mayi wina wobereka mwana n'kumufunsa ngati akukumbukira kasakanizidwe ka madzi a mchere ndi shuga pakasowa paketi ya Thanzi. Mayiyo anayankha mosakayika: lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga, theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mvula itakata, mlangiziyo anamanga chigubu chake pa kaliyala n'kupalasa kulowera kumudzi wotsatira, kumene anati mjigo unawonongeka mu Ogasiti ndipo anthu akumwa pa chitsime cha kudambo.